Ndinawazunguza pa Mchinji Kuti Asakhale Pansi

Ndinanyamuka pa Mchinji Boma m'mawa wa Loweruka, chisanu cha mwezi wa Julaye chikuluma makutu, kupita kuboda kukachingamira mayi anga.

Ine kwathu ndi ku Zambia, mudzi wina kuseri kwa Chipata mukamalowera njira ya ku Chadiza. Ku Mchinji ndinabwera kudzaphunzira zamagetsi pa sukulu ina ya ntchito zamanja, malo ake anandipezera ndi ansembe a kuparishi kwathu. Anzanga a m'kalasi amafa nako kuseka ndikanena kuti ndikuphunzira kunja. Amati, "Kunja kwake kuti iwe Agi, poti tambala akalira kwanu ife kuno timadzuka?" Aseke. Pasipoti amadinda, ndalama imasintha nkhope, ndipo kwa mayi anga, amene chibadwire anali asanaolokepo boda, ku Mchinji kunali kutali ngati ku Joni.

Ulendo wawo tinaupangana kalekale. "Ndikangomaliza kukumba mtedza ndibwera, ndidzaone kumene umagwira mawaya osafa," ankatero pa foni. Ine njira yonse ndinali nditaikonza m'mutu: tidzayambira kumsika, kenako kusiteshoni ya sitima, kusukulu kwathu, ndipo mphamvu zikatsalako tidzakwera minibasi mpaka pa Kamwendo. Ndinabwereka matiresi kwa eni nyumba imene ndimachita lendi, simenti ndinaikolopa mpaka inayamba kuwala.

Koma sabata imeneyo zinthu zinayamba kupendekeka. Amayi anali a BP, ndipo mankhwala ankamwa akakumbukira. Lachinayi nditaimba, foni yawo anayankha ndi mayi aang'ono, anaBanda, mng'ono wawo wa amayi. Anati, "Agona, usawadzutse." Lachisanu foniyo inali yothima. Gulu lathu lapachibale la pa foni, limene m'mawa uliwonse limadzaza ndi mavesi ndi zithunzi za maluwa, linangoti zii. Madzulo ake kunabwera uthenga wochokera kwa atsibweni a Banda, mlongo wawo wa amayi: "Mawa tikubwera monga munapangana. Utichingamire." Atsibweni sanali m'pangano la ulendowu. Ndi munthu woti dimba lake la tomato salisiya ngakhale pa Khirisimasi. Potuluka m'nyumba m'mawa uja ndinaponya pasipoti m'chikwama, n'kudzinamiza kuti mwina apolisi a pamsewu angaifune.

Pa depoti ndinapeza takisi ya kuboda. "Thu sauzande, sisi, watsala munthu mmodzi tinyamuke," anatero woitanira, pamene m'galimotomo munali munthu mmodzi yekha, dalaivala. Tinadikira mpaka inadzaza, anayi kumbuyo, awiri pampando wakutsogolo, ndi zigubu zopanda kanthu kubuti zikugundana njira yonse. Tsiku lina ndikanakangana naye woitanirayo, pakuti pakamwa panga sipachedwa. Tsiku limenelo ndinangokhala, chikwama ndachikumbatira.

Paboda malole anali ndandanda mpaka kutali. Osintha ndalama anandiunjirira, mipukutu ya makwacha a mayiko awiri ili m'manja.

"Tisinthe, sisi? Lero reti ndi yabwino."

"Ndikudikira anthu."

"Akafika muwalozere kuno, enawo ndi akuba," anatero wina, akuloza mnzake amene anaima naye phewa ndi phewa.

Ndinaima pambali pa mpanda, maso ali pakhomo lotulukira anthu oyenda pansi. Oyamba kutulukira anali atsibweni, atavala jekete yakuda ya kutchalitchi ndi chipewa. Pambuyo pawo mayi aang'ono, zitenje ziwiri m'chiuno, duku atalimanga mpaka pansidze. Ndinasuzumira kumbuyo kwawo. Kunatuluka mayi wina wosenza beseni la nsapato, kenako mzungu wa chikwama chachikulu kumsana, kenako palibe. Ndipamene ndinayang'ana manja awo. Analibe kanthu. Panalibe kathumba ka mtedza, panalibe ufa, panalibe nkhuku yomanga miyendo. Munthu wa kwathu sapita kukaona mwana wa kusukulu chimanjamanja, ngakhale chaka cha njala amapezako maungu awiri.

Ndinapinda maondo n'kuwapatsa moni.

"Amayi ali kuti?"

Mayi aang'ono anayang'ana atsibweni. Atsibweni anayang'ana lole.

"Atsalako," anatero. "Tiye kunyumba kwako, Agi, tikakhale pansi. Nkhani sakambira pamsewu."

Kwathu uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Mwana wa malemu akakhala kutali yekha, samuuza pa foni, samuuza ataimirira, samuuza panjira. Amatuma akuluakulu awiri, bambo ndi mayi. Amalowa m'nyumba, amakhala pansi, mumalonjerana bwinobwino ngati palibe kanthu, kenako bamboyo amayamba kulankhula mayiyo atasendera kale pafupi kuti akugwire. Ndinaziona ndi maso anga tsiku limene anabwera kudzauza amayi za imfa ya bambo anga. Choncho pamenepo, pakati pa utsi wa malole, ndinadziwa kuti mayi anga amwalira. Ndinadziwa ndithu. Koma ndinaonanso kanthu kena: mawuwo anali m'kamwa mwa atsibweni, ndipo mwambo wawo womwewo unali utawamanga kuti asawatulutse mpaka atakhala pansi. Malinga tikuyenda, amayi anali "atsalako". Ndiye ndinatsimikiza mumtima kuti anthu awiriwa sindiwapatsa pokhala.

"Kunyumba tifika," ndinatero, ndi mawu okwera amene sanali anga. "Koma mayi aang'ono ku Malawi kuno n'koyamba. Muyambe mwaona Boma."

Mpando wa m'galimoto suwerengedwa, imeneyo ndi njira. Tinapanikizana m'takisi ina, ndipo dalaivala atamva kalankhulidwe ka atsibweni anatembenuka.

"A ku Zambia eti, bambo? Bwanji simunatinyamulireko petulo? Kuno tikuchezera pamzere ngati pamaliro."

Anthu anaseka. Atsibweni anati, "Tinaiwala chabe," n'kuyang'ana pawindo. Pa rodibuloko wapolisi anasuzumira n'kufunsa chimene alendowo anyamula. Atsibweni anatambasula manja awiri, wapolisiyo anadabwa pang'ono n'kutiuza kuti tizipita. Katundu analipo, kungoti sanadziwe pofufuza.

Ine ndinayamba ntchito yanga. Ndinawalozera phiri la Mchinji litatalika kumbali kwa msewu, minda ya fodya yotsala ziputu, zigafa zopanda kanthu, ngolo za ng'ombe zodzaza chimanga. Ndinkalankhula ngati wailesi. Mayi aang'ono anali atatsamirana nane, ndipo chitenje chawo chinkanunkha utsi wa nkhuni ndi mankhwala a m'chipatala. Ndinatsitsa galasi kuti mphepo izilowa, ngakhale enawo ankadandaula chisanu.

Tinatsika pa Boma dzuwa litakwera. Kuchokera pa depoti kufika kunyumba kwanga ndi poti munthu wosenza ndowa ya madzi satula panjira. Ine ndinawakhotetsera kumsika.

Nthawi yokolola, kunja kwa msika wa pa Boma kumakhala kwa mavenda a masikelo. Alimi a ku Mlonyeni ndi midzi ina amafika ndi matumba a mtedza ndi soya panjinga, nkhope zili gwa, akudziwa kuti sikeloyo iwadya koma alibe kolowera. Mukalowa mkati mumapeza milu ya kachewere, kaunjika, usipa wouma umene unaiwala kale madzi, ndi mankhwala a makoswe pafupi ndi mchere. Zonsezo ndinawaonetsa, ngakhale mabatire a tochi. Atsibweni ankagwedeza mutu. Mayi aang'ono ankati, "Oho."

Mayi a Chisomo, amene ndimagula tomato pabenchi pawo, anandionera patali. Ndinali nditawaboola m'makutu mwezi wonse ndi nkhani ya alendo anga.

"Afika! Awa ndiwo mayi aja? Takulandirani, mayi. Mwana wanuyu ndi wamakani pa mitengo, koma ndi munthu."

"Ndine mng'ono wawo," anatero mayi aang'ono.

"Nanga eni ake?"

"Atsalako."

Mayi a Chisomo anayang'ana duku lija, anayang'ana jekete ya atsibweni, ndipo kumwetulira kwawo kunathera panjira. Akazi a pamsika saphunzitsidwa zinthu izi. Anakoka kampando kawo pansi pa benchi n'kukapukuta ndi chitenje.

"Khalani apa, mayi, miyendo ipumeko. Achimwene, apo pali kreti."

Ndinakabwezera kampandoko pansi pa benchi ndi phazi. "Tili pachangu," ndinatero. Titafika kumapeto kwa mzere ndinacheuka, ndipo mayi a Chisomo anali akadali chiimire, manja atagwira kumutu.

Kulesitilanti sindinayerekeze n'komwe, kuli mipando. Ndinawatengera pachiwaya, pamene aliyense amadya ataimirira. Ndinagula tchipisi cha wani sauzande aliyense, kabichi pamwamba. Atsibweni anati adya kale. Mayi aang'ono anagwira kajumbo kawo mpaka mafuta anagwirana, kenako anapatsa wamisala wina amene ankatiyang'ana. Ine ndinadya changa chonse, nditathira tsabola wambiri kuti maso akafiira pakhale chifukwa.

Tinadutsa maofesi a boma, ndipo ndinawauza kuti kale kuno kunkatchedwa Fort Manning, ngati kuti alipo anandifunsa. Pageti pa chipatala panali amayi atakhala paudzu ndi mapoto ndi timitolo ta nkhuni, aja odikirira odwala. Mayi aang'ono anatembenuzira nkhope kumbali, ine ndinawonjezera liwiro.

Kusiteshoni ya sitima kuli kamtunda, ndipo ndinasankha njira yozungulira. Tinapeza udzu utamera pakati pa njanji, mbuzi zikudya mosatekeseka. Mlonda wachikulire anatulukira akutafuna nzimbe.

"Sitima imabwera liti, bambo?" anafunsa atsibweni mwaulemu.

"Ikafuna," anayankha mlondayo. "Ya katundu imatulukira mwa apo ndi apo. Ya anthu ndiye tinaiwala kulira kwake."

Pansi pa khonde panali benchi lalitali la simenti, pamthunzi, popanda anthu. Ndinaona atsibweni akuliyang'ana, kenako akuyang'anizana ndi mlongo wawo. Anali atayamba kuona kuti kunyumba sitifika msanga, ndipo benchilo linali bola kusiyana ndi msewu.

"Pamenepo pali mavu," ndinatero.

"Mavu ati?" anadabwa mlonda. "Ine ndimagona pomwepo masana onse."

"Tiyeni mukaone kumene njanjiyi imalowera kwathu," ndinatero, ndili kale kutsogolo.

Foni ya atsibweni inakhala ikunjenjemera m'thumba chichokere kuboda, ndipo apa inaliranso. Anapita kuseri kwa nyumba ya siteshoni, koma mphepo inkawomba kubwera kwa ine, komanso atsibweni foni amaiyankha ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo.

"Tikali ku Malawi. Iyayi, tikalibe kumuuza. Muuzeni wa lole ayembekeze pang'ono chabe. Musanyamuke, mwana adzakhale kumutu."

Ndinamva zonse. Thupi linali ku Chipata, lole inali itaima kumochale, ndipo ankadikira ine. Ponyamula maliro kupita kumudzi, azimayi amakhala mozungulira bokosi pamwamba pa lole, ndipo malo a kumutu ndi a mwana wamkazi. Mwana wamkazi kwa amayi ndine ndekha. Munthu wanzeru akanathamangira takisi pomwepo. Ine ndinawerama n'kugwira njanji, n'kuyamba kufotokozera mayi aang'ono kuti chitsulo chikatentha chimatalika, n'chifukwa chake amasiya mpata polumikiza.

"Oho," anatero.

Loweruka kusukulu kwathu kumakhala kotseka, ndiye tinangozungulira kumbuyo. Ndinawaonetsa pawindo la wekishopu thabwa langa la mababu ndi masuwitchi, kenako mtengo wa magetsi wophunzirira umene timakwera titamanga lamba m'chiuno. Apa atsibweni anaiwala pang'ono chimene anabwerera. Anakweza mutu mpaka chipewa chinatsala pang'ono kugwa.

"Iwe? Mpaka pamwamba paja?"

"Ndimaposa anyamata."

"Mlongo wanga wauza mudzi wonse kuti magetsi a kwathu adzabwera ndi iwe," anatero. Anatulutsa kampango n'kunena kuti fumbi la ku Malawi ndi loipa.

Kuchokera pamenepo denga la nyumba yanga linkaoneka bwinobwino pakati pa mitengo ya mango. Mayi aang'ono anali atayamba kutsimphina.

"Agi, dzuwa lapendeka," anatero atsibweni. "Nyumba yako ndi iti?"

"Kwatsala Kamwendo."

"Mwana iwe, tamvera. Tili ndi mawu."

"Mawuwo adikire. Amayi anati akufuna kudzaona Kamwendo. Inu mwabwera m'malo mwawo, si choncho? Ndiye mukaone, mukawauze."

Ndinawayang'ana m'maso, zimene mwana sachita kwa atsibweni ake. Ndinkafuna andikalipire, andimenye mbama, alavule chimene anabwera nacho pomwepo. Nthawi yomweyo ndinkaopa kuti achitadi. Ndinakwiya nawo chifukwa cha ulemu wawo, ndinakwiya ndi jekete yawo, ndinakwiya ndi amayi chifukwa chotaya nthawi ndi mtedza m'malo mobwera mwezi wathawo. Ndinatembenuka n'kulunjika kumsewu waukulu. Sakanandisiya ndekha, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

"Lilongwe! Kamwendo, Namitete, Lilongwe!" Kondakitala anatikankhira kumpando wakumbuyo, pa Kamwendo wani faifi mutu umodzi. Nyimbo zinali pamwamba moti magalasi ankanjenjemera, ndipo ndinayamikira mumtima. Tinaoloka Bua madzi ake atachepa. M'mbali mwa msewu anthu ankagulitsa mbatata ndi nzimbe, ndipo paliponse pamene wina wakweza dzanja minibasi inkaima, ngakhale munali modzaza kale. Ine sindinadandaule, inkachedwa mokomera ine.

Tisanafike pa Kamwendo, dalaivala anachepetsa liwiro n'kuthimitsa wailesi. Pamsewu panali masamba aawisi atayalidwa mopingasa. Amuna a m'minibasi anavula zipewa, ndipo wanjinga wina wa makala anatsika n'kumakankha. M'mudzi wa m'mbali mwa msewu anthu anali atakhala pabwalo, abambo uku, amayi uku, ndipo nyimbo yawo inalowa pawindo. Inali nyimbo imene kwathunso timaimba, mawu ake omwewo. Mayi aang'ono anakoka chitenje n'kufunda kumutu, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Pepani, mayi," anatero mayi wina wa khanda pamiyendo. "Ndi abale anu amenewa?"

Chitenjecho chinapukusa mutu. Ine ndinayang'anitsitsa kumsana kwa mpando wakutsogolo, n'kumawerenga zimene wina analembapo ndi bolopeni, mpaka tinadutsa masamba achiwiri ndipo wailesi inayambanso.

Pa Kamwendo tinatsika masana atapita. Ndi malo aphokoso. Pali mphambano ya msewu wa ku Kasungu, akabaza ali pamzere ndi njinga zawo, utsi wa kanyenya uli tolo, chigayo chikulira, kamvulumvulu akunyamula majumbo n'kuwamwaza pa malonda a anthu. Ndinayamba kuloza. Ndinaloza msewu, ndinaloza mashopu a feteleza, ndinaloza mbuzi yopachika pabutchala, ndinaloza nyumba ina imene sindikudziwa kuti ndi ya chiyani. Zoloza zitatha ndinayambiranso. Ndikuyenda ndi kulankhula choncho, ndinazindikira kuti palibenso akuti "oho".

Nditatembenuka ndinaona mayi aang'ono ataima pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pamene akabaza amaimika njinga, masilipasi ali m'manja. Mapazi awo anali atatupa mpaka m'akakolo. Munthu anachezera m'chipatala, anachezeranso pamaliro, kenako wayenda Boma lonse m'mimba mulibe kanthu. Anamasula chitenje chapamwamba, anachikutumula, anachiyala pafumbi. Kenako anakhala, miyendo atawongola, manja ali pamaondo.

"Ine ndakhala," anatero, osakweza mawu. "Nyumba ndi pano pamene. Achimwene, khalani."

Atsibweni anayang'ana uku ndi uku, anapeza njerwa, anakhalapo, chipewa n'kuika pabondo.

"Mayi aang'ono, dzukani! Anthu akuona!"

Anthu ankaonadi. Akabaza anasiya phokoso, ndipo mmodzi anathimitsa kawailesi ka panjinga yake. Mayi wina wogulitsa nthochi anasiya dengu lake n'kubwera kudzakhala pansi pambali pa chitenje chija, osafunsa kanthu. Anabweranso wa mandasi, ndi wina wochokera kuchigayo, ufa uli m'nsidze. Anthu osatidziwa, a dziko lina, anakhala motizungulira mpaka panaoneka ngati m'nyumba. Woimirira ndinatsala ndekha. Ndinayang'ana msewu wa ku Kasungu, ndipo maganizo othawa anandifikiradi. Mayi wa nthochi uja anagwira mpendero wa siketi yanga n'kukoka pang'ono.

"Khala, mwana wanga," anatero. "Sizithawika izi."

Ndinakhala.

Atsibweni sanadumphe kanthu. Anaomba m'manja chapansipansi.

"Mwaswera bwanji, anaPhiri?"

Chibadwire anali asananditchulepo ndi mfunda wanga, ndiponso anali asanandilankhulepo ngati munthu wamkulu.

"Ndaswera bwino, kaya inu atsibweni."

"Ife taswera. Koma kumene tachoka sikuli bwino." Mayi aang'ono anasendera, dzanja lawo linazungulira m'chiuno mwanga. "Mayi anu anagwa Lachinayi pakhomo. Tinathamanga nawo kuchipatala ku Chipata, ndipo madokotala anayesetsa. Dzulo masana atisiya. Tabwera kudzakutengani."

Ndinkaganiza kuti poti ndikudziwa kale, sizindipweteka kwambiri. Bodza. Mawu aja anandilasa ngati sindinaganizirepo kanthu. Ndinalira mokuwa, ndinagubuduka pafumbi la pa Kamwendo, ndipo manja amene anandigwira anali ambiri, si a mayi aang'ono okha. Akazi aja analira nane pamodzi, dzina la amayi osalidziwa.

Akabaza ndi amene anatiimitsira minibasi yobwerera. Kondakitala atanong'onezedwa anatsitsa anthu pampando wakutsogolo n'kutipatsa ife, ndipo njira yonse sanaitanire. Pa Boma tinangosintha galimoto. Tili pamzere wodinditsa mapasipoti paboda, dzuwa litayamba kutsika, foni ya atsibweni inalira. Anamvetsera, anati, "Chabwino," n'kuibweza m'thumba.

"Anyamuka," anatero. "Wa lole wati msewu wa kwathu sangauyende kutada. Kumutu akhala alamu ako, mkazi wa achimwene ako."

Sanawonjezerepo mawu, ngakhale amodzi ondidzudzula. Bola akanandidzudzula.

"Bwanji simunangonena m'mawa uja, pano pomwe?" ndinafunsa. "Bwenzi titafika."

"Pakati pa malole?" anatero mayi aang'ono. "Mayi ako si katundu."

Mpaka lero mtima wanga sunakhazikike pa nkhani imeneyi. Masiku ena ndimati mwambo wathu ndi wankhanza, ukanalola foni imodzi Lachisanu lija bwenzi nditagona ku Chipata. Masiku ena ndimakumbukira manja a akazi a pa Kamwendo, n'kuganiza mmene ndikanalirira ndekha m'chipinda cha lendi foni ili m'manja, ndipo ndimati akuluakulu sanali opusa. Chimene ndinaona ndi maso n'chakuti uthenga suchepa chifukwa chouyendetsa padzuwa. Ndinadzigulira theka la tsiku loti ndikhale ndikadali ndi mayi, ndipo ndinalipira ndi ulendo wokhawo umene ndikanayenda nawo limodzi.

Ku Chipata tinakwera njinga zamoto, ndipo kumudzi tinafika chisisira. Mumchenga wa kanjira kolowera kwathu munali mapazi a matayala a lole, opita ndi obwerera. Nyimbo tinayamba kuimva tisanafike pachitsime. Abambo pabwalo atationa anatsitsa mawu, amayi a pakhomo anapinda miyendo kuti ndidutse.

M'nyumba ndinapeza alamu anga, mkazi wa achimwene, akadali kumutu kwa bokosi, fumbi la panjira lili m'duku. Atandiona anasendera n'kundisiyira malo. Ndinakhala. Pamphasapo panali pofunda kale.